Andisankha ku honors program, ndilowe kapena ndikane?

Kamphepo:

Moni nonse. Ndili pa koleji ina yaing'ono kuno ku America, zija amati liberal arts, ophunzira tonse sitifika n'komwe 2,000, ndipo pano ndikumaliza chaka choyamba. Sabata yatha ndalandira imelo yoti GPA yanga, avareji ya magiredi anga, yakwana nde ndikhoza kulowa honors program kuyambira semesita ikubwerayi, akuti ndiyankhe pasanathe masabata awiri. Tsiku lomwelo ndinasangalala zedi mpaka kuimbira mayi usiku, koma m'mawa mwake nditakhala pansi n'kuwerenga bwinobwino mtima unayamba kugunda, muli masemina owonjezera, GPA isatsike pansi pa 3.5, kenako chaka chomaliza ulembe thesis, ntchito yaikulu ya kafukufuku wako, n'kukaiteteza pamaso pa mapulofesa. Ine ndimagwira kale ntchito ku laibulale ya pa kampasi maola 15 pa sabata ndipo sukolashipu yanga nayonso ili ndi GPA yake yoti ndikangotsika basi yapita. Ndikufuna major ya economics, mwina ndi history pang'ono, sindinamange mfundo. Nde amene munadutsamo tandiuzeni zoona zake, chinthuchi chimathandizadi kapena ndi dzina chabe lokometsera transcript, pepala la magiredi lija? Kabuku kawo ndawerenga kale, aliyense m'menemo akungomwetulira pansi pa mtengo, ine ndikufuna kumva kwa anthu amene zinawaonekera.

Kadzidzi:

Mwachita bwino a Kamphepo, si onse amalandira imelo imeneyo. Koma musanayankhe dziwani kaye kuti akukuitanirani ku chani, chifukwa mawu oti honors kunoko amatanthauza zinthu zingapo ndipo anthu amangoziphatikiza. Pali maulemu aja a pa digiri a cum laude, magna cum laude, summa cum laude, m'makoleji ambiri zimenezo zimabwera zokha ukamaliza ngati GPA ili pamwamba, sulowa pulogalamu iliyonse. Pali honors ya dipatimenti, yomwe kawirikawiri ndi thesis ya chaka chomaliza mu major yako. Kenako pali honors program ya koleji yonse ngati yanuyo, yoyamba msanga, yokhala ndi masemina akeake.

Ma honors program ngati yanuyi muzu wake anthu ambiri amaulozera ku Swarthmore College, kufupi ndi Philadelphia. Pulezidenti wawo wakale Frank Aydelotte anaphunzira ku Oxford pa Rhodes Scholarship, anakonda m'mene ankaphunzitsira kumeneko nde mu 1922 anayambitsa honors ku Swarthmore. Mpaka lero ikuyenda, masemina a anthu ochepa, ndipo chimene chimandisangalatsa ine n'choti mayeso omaliza sakupatsa pulofesa amene wakuphunzitsa ayi, amabwera akatswiri ochokera kunja kwa kolejiyo, amakulembetsa mayeso kenako amakhala nawe pansi kukufunsa pakamwa, iwowo ndi amene amanena kuti wapeza Honors, High Honors kapena Highest Honors. Nde pulofesa wako amasanduka mnzako pankhondo, nonse mukukonzekera mlendo. Imeneyo ndi honors yolemera.

Koma si paliponse zili choncho. Ku mayunivesite akuluakulu a boma monga Arizona State komwe kuli honors college yotchedwa Barrett kapena Penn State komwe kuli ina yotchedwa Schreyer, honors imakupulumutsa ku kalasi ya anthu mazanamazana, imakupatsa kagulu kakang'ono ndi pulofesa wodziwa dzina lako. Inu kagulu kakang'onoko muli nako kale, ndicho chimene munapitira ku koleji yaing'ono eti. Ku Reed College ndi ku College of Wooster aliyense wa chaka chomaliza amalemba ntchito yake yaikulu ya kafukufuku, wa honors kapena ayi, ku Wooster ukapereka amakupatsa kaswiti ka Tootsie Roll. Nde funso loti muwafunse ndi lakuti, mukundiwonjezera chani chomwe mnzanga wa chipinda chimodzi amene sanalowe sapeza? Akayankha zogwirika lowani. Akayamba za mwambo wa chakudya chamadzulo ndi chingwe chovala pa graduation, ganizani kawiri.

Nthambi_ya_Mlombwa:

Ine ndinalowa ndipo ndinamaliza, papita zaka zingapo, koleji yaing'ono ngati yanuyo, sociology. Ndinena zonse, zokoma ndi zowawa, walira mvula walira matope.

Masemina anali okoma kuposa kalasi ina iliyonse yomwe ndinatenga. Tinalipo 9 pa tebulo limodzi, maola atatu Lachitatu madzulo, ndipo ngati sunawerenge zimaoneka pompo chifukwa palibe msana wa munthu woti ubisaleko. Sabata yoyamba sindinatsegule pakamwa, ndinkaona ngati anzangawo anabadwa akutsutsana ndi mabuku. Pulofesa anandiitana ku ofesi, ine ndikunjenjemera kuti mwina andichotsa, koma anangotulutsa pepala langa lodzaza ndi inki yobiriwira n'kundiuza kuti zimene ndalemba pa tsamba lachitatu ndikazinene mokweza sabata yamawa, ndipo akandiitana dzina kaya ndifune kaya ndisafune. Anachitadi. Kuyambira pamenepo pakamwa panatseguka mpaka anthu ankachita kundidula.

Tsopano thesis. Apa mpamene ndinaona zakuda. Pulofesa yemweyo, amene ndinkadalira kuti akhala advisor wanga, anapita pa sabbatical, tchuthi chija mapulofesa amapuma kuphunzitsa, chaka changa chomaliza, ine sindinafunse msanga nde ndinazidziwa mu April chaka chachitatu zonse zitakonzedwa kale. Anandipatsa wina, munthu wabwino ndithu koma mutu wanga sunali wa mbali yake, amangoti zikuyenda bwino pitirizani, ndipo mawu amenewo sathandiza munthu amene wasochera. Kuwonjezera apo kafukufuku wanga anali wofunsa anthu mafunso, ndipo kuno sungangoyamba kufunsa anthu popanda chilolezo cha komiti ija ya IRB yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, fomu yanga inabwerera kawiri chifukwa cha kalata yoti anthu asayine kuti avomera, masabata anangopita ine ndili manja lende. February yense ndinagona mu laibulale, kunja chipale chofewa, ine ndi kompyuta ndi mahedifoni kulemba mawu a anthu 14 amene ndinawajambula, ola limodzi la kucheza limandidyera pafupifupi maola asanu kulemba. Ndinalira kangapo, sindibisa.

Tsiku loteteza anali mapulofesa atatu, mmodzi wa dipatimenti ina amene sindinkamudziwa, ndipo iyeyo ndi amene anafunsa funso lomwe linandigwetsa, loti anthu amene anakana kucheza nane akanandiuza zotani. Ndinakhala chete kanthawi n'kuvomera kuti pamenepo ntchito yanga ili ndi bowo. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndalephera, patapita mphindi 10 anandiitana akumwetulira.

Kodi zinathandiza? Pofunsira masters inde, kwambiri. Osati mawu oti honors pa pepala, koma chaputala chachiwiri cha thesis ndi chimene ndinatumiza ngati writing sample, ndipo makalata ondichitira umboni analemba anthu amene anandiona ndikugwa n'kudzuka, osati pulofesa wongokumbukira kuti ndinapeza A. Nde langizo langa, musanasayine pitani ku dipatimenti ya economics mukafunse kuti ndani amayang'anira ma thesis, amatenga ophunzira angati pa chaka, ndipo ndani akupita pa sabbatical zaka ziwiri zikubwerazi. Amadziwiratu zimenezi, kungoti sanena ngati sunafunse.

Bwanamkubwa_wa_Code:

Ine nde ndibwera mosiyana pang'ono, musandikwiyire. Ndinalowa chaka chachiwiri, ndinatuluka chachitatu, ndipo sindinadandaulepo. Ndinkapanga computer science ndi masamu, masemina a honors amagundana ndi ma lab nthawi zonse, ma credit ake ena sankalowa mu major nde ndimangosenza katundu wowonjezera, ndipo GPA ya 3.5 ija inayamba kundilamulira, ndinasiya kalasi ina yovuta ya masamu yomwe ndinkaifuna ndi mtima wonse chifukwa choopa B minus. Tangoganizani, pulogalamu yoti ikulimbikitse kuphunzira zozama ndi imene ikukuthawitsa ku zozama. Apo mpamene ndinati ayi basi.

Ndapanga ma interview ambiri ndithu, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo za honors, amafunsa internship ndi zimene wapanga ndi manja ako. Komanso ngati muli pa F-1, visa ya ophunzira ochokera kunja, kumbukirani kuti nthawi ya sukulu simungapitirire maola 20 pa sabata pa ntchito ya pa kampasi ndipo simungatsike pa makalasi a full-time popanda chilolezo chapadera, nde zikathina mulibe pothawira poti ndichepetse makalasi semesita ino ndipume. Sukolashipu ndiye mutu, honors ndi chipewa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada achemwali kaya achimwene, kaya ndinu ndani kkkk

Kamphepo:

Kkkk ndine achemwali a Bwanamkubwa. Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa kabuku kaja. Ndapita ku ofesi yawo lero m'mawa ndi mafunso anuwa nditalemba pa foni. Akuti masemina awiri mwa anayi amalowa m'malo mwa makalasi a general education omwe ndimayenera kutenga kale, nde owonjezera enieni ndi awiri okha. A honors amalembetsa makalasi tsiku limodzi anzawo asanayambe, ndipo pali ndalama pang'ono za kafukufuku nthawi ya summer zomwe akuti ngakhale ife a F-1 tikhoza kupempha. Ukatsika pa 3.5 amakupatsa semesita imodzi kuti ukonze, ndipo ukatuluka transcript siilemba kuti unatuluka, imangoonetsa makalasi amene unatenga, sukolashipu yanga sikhudzidwa chifukwa ili payokha. Chomwe chandidetsa nkhawa n'choti ndimafuna kupita study abroad, kukaphunzira ku dziko lina, chaka chachitatu ndipo semina imodzi imachitika nthawi yomweyo, mayi wa mu ofesiyo anangoti tidzaona. Tidzaona ameneyo ndimukhulupirire?

Kadzidzi:

Ayi, tidzaona si yankho. Alembereni imelo lero lomwe, mwaulemu, kuti mukufuna kudziwa ngati seminayo mungaitenge chaka chachiwiri kapena chachinayi, kapena ngati amalola chija amati honors contract, pomwe umatenga kalasi wamba n'kugwirizana ndi pulofesa ntchito yowonjezera kuti iwerengedwe ngati ya honors. Yankho likhale lolembedwa ndipo mulisunge, anthu a m'maofesi amasintha, amene adzakhalepo chaka chanu chachitatu mwina sadzadziwa kuti munagwirizana chani.

Zinazo zomwe mwabwera nazo, kwa ine zikulemera mbali yolowa. Ndalama za summer zija musazipeputse, mapulogalamu ambiri a kafukufuku olipiridwa ndi boma monga REU ya National Science Foundation amafuna nzika za America kapena a green card, nde kwa munthu wa F-1 ndalama za koleji yako yomwe nthawi zina ndi khomo lokhalo. Ndipo poti khomo lotulukira ndi lotseguka popanda chilango, mantha a Bwanamkubwa achepa, ngakhale mfundo yawo yothawa makalasi ovuta ndi yoona, ndaziona kwa anthu ambiri. Economics ngati mukuganiza za PhD idzakufunani calculus, linear algebra, econometrics, mwinanso real analysis, ndipo B mu zimenezo imaposa A mu kalasi yongodzazira, musadzalole 3.5 ikusankhireni makalasi.

Nthambi_ya_Mlombwa:

Ndiwonjezere kamodzi mng'ono wanga. Pezani wophunzira wa chaka chomaliza amene akulemba thesis ya economics panopa, osati amene ofesi ikusankhireni, amenewo ndi omwetulira pansi pa mtengo aja. Inu mumagwira ku laibulale, mukuwadziwa kale, ndi aja amabwera kudzawonjezera masiku a mabuku omwewo kachitatu maso ali psuu. Mufunseni kuti advisor wake amakumana naye kangati pa mwezi ndipo amabweza ma draft patapita masiku angati. Komanso ku laibulale kwanuko kuyenera kuti kuli shelefu kapena malo pa intaneti osungira ma thesis akale, tengani awiri kapena atatu a economics muwerenge mawu oyamba ndi tsamba lothokoza, mayina a mapulofesa amene akubwerezedwa pamenepo ndi amene mukawagogodere.

Kamphepo:

Shelefu imeneyo ndimaipukuta fumbi Lachisanu lililonse koma sindinatsegulepo ngakhale limodzi, manyazi bwanji. Imelo ya study abroad ndatumiza, ndikudikira. Mawa ndili pa shifiti ya madzulo, pali mnyamata wina wa econometrics amakhala pakona pafupi ndi printer mpaka titseke, ndimuyamba ameneyo akabwera kudzapempha stapler.