Mababu a energy saver akupsa pa dimmer

Wa ku Kawale:
Akuluakulu, ndithandizeni, mutu wanga waima. Pa loji ina kuno ku Lilongwe ndasintha mababu a energy saver katatu m'chipinda chodyera, ndipo lero ndapeza limodzi litapsa kutsinde, pulasitiki yake itasungunuka n'kumatirira ku holder. Mawaya ndayeza ndipo ali bwino, breka ya 6A sinagwepo. Ndi mababu anayi a 11W, ali pa dimmer (switchi yochepetsera kapena kuonjezera kuwala) yakale imene inkayendetsa mababu a 60W, koma mwini loji akuloza ine chala.

Madala a ku Ndirande:
Achimwene, chotsani dimmer imeneyo lero lomwe, muikepo switchi wamba. Kutsinde kwa babu la CFL (energy saver) kuli kapasita, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, ndipo triac, kaswitchi ka mkati mwa dimmer, ikamadula magetsi n'kuwatsegula mwadzidzidzi, maulendo 100 pa sekondi iliyonse pa 50Hz yathuyi, kapasitayo imakoka mphamvu mwankhanza mpaka kutentha ndi kufufuma. Breka musaidalire, chifukwa current yake ndi yochepa kwambiri koma kutentha konse kumaunjikana pamalo amodzi. Ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene siling'i inada bii ndi mwaye pamwamba penipeni pa bedi la mwana, ndipo chimene chinawadzutsa mayi ake usikuwo ndi fungo la pulasitiki.

Wa ku Luwinga:
Madala, ndikukulemekezani, koma kwanga dimmer ndimaisiya pa full ndipo babu silinapsepo. Vuto ndi mababu otchipa.

Madala a ku Ndirande:
Ngakhale pa full, triac imadulabe pang'ono. Ndipo pa loji, ndani adzaletse mlendo kuipotokola?

Wa ku Chinamwali:
Ndionjezereko kuti 44W ya mababu anayiwo ili pafupi ndi load yochepetsetsa imene ma dimmer ambiri akale amafuna, n'chifukwa chake mumamva kulira ndi kuona kuphethira. Musayesenso kumata tepi pa knob monga ndinachitira ine, chifukwa wokolopa anaichotsa tsiku lomwelo. Ngati mwini wake akufunadi kuwala kozirala, agule LED yolembedwa kuti dimmable pamodzi ndi dimmer ya trailing edge (mtundu woyenerana ndi LED), ndipo holder yopsayo muisinthe, muonenso ngati mawaya apamwamba pake sanaume.

Wa ku Luwinga:
Ine ndikunenabe kuti akanagula mababu abwino n'kusiya pa full, zonsezi sizikanachitika. Achimwene a ku Kawale, mababuwo ndi a mtundu wanji?