Manja 8 pa anthu 21: ngongole ya a Nangozo

Mlembi: Moni nonse. Ndikulemba zimene zinachitika Lachinayi ku gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama kuti amene kunalibe amve. Ngongole ya a Nangozo ndi K200,000 ndipo yapitirira ndi miyezi itatu. Chiwongoladzanja cha miyeziyo ndi K120,000, chindapusa K15,000. Tinalipo anthu 21 mwa anthu 24. Ofuna kuti abweze K200,000 yokhayo anakweza manja 8. Ofuna kuti abweze zonse, manja 7. Ofuna kuti tiwachotsere chindapusa koma chiwongoladzanja alipire, manja 6. M'buku ndalemba kuti a manja 8 apambana.

Nabanda: A Mlembi, bukulo musalitseke msanga. Ine usiku wa Lachinayi tulo sindinatione. 7 kuphatikiza 6 ndi 13. Anthu 13 tinati chiwongoladzanja chilipidwe, tinangosiyana pa kachindapusa ka K15,000. Zatheka bwanji kuti anthu 8 agonjetse anthu 13?

Wapampando: Mayi Nabanda, tinavota masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Palibe amene anagwiridwa mkono. Chiyambire gululi timakweza manja, ochuluka ndiye amapambana. Mwana wa mnzathu anagona m'chipatala milungu isanu, geni ya tomato inafera pomwepo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Nabanda: Za mwanayo palibe akukana, mayi. Ine ndinakamuona kuchipatalako kawiri. Ndikudandaula kawerengedwe ka manja.

Msungichuma: Ndiike masamu poyera kuti tizikangana tikudziwa. Tikasiya K135,000, pa masheya athu onse 2,700, sheya iliyonse itaya K50 pa tsiku logawana mu Disembala.

Mayi a Tadala: Ndiye kuti ine wa masheya 240 ndataya K12,000. Ambiri mwa amene anakweza manja kuti tikhululuke ali ndi masheya osafika 80. Kukhululuka ndi ndalama ya mnzako n'kosavuta. Bwanji voti izilemera molingana ndi masheya a munthu?

Nachisale: Ayi, achemwali, pamenepo ndakana. Ine masheya anga ndi 60, ndikutaya K3,000, ndipo K3,000 imeneyo ikundiwawa kuposa mmene K12,000 ikukuwawirani. Ndinaisonkha ndi maganyu opalira. Voti ikamatsata masheya, anthu asanu ndiye muzitiuza zochita chaka chonse, enafe tizingobwera kudzakhala pamkeka.

Msungichuma: Malamulo athu akuti membala mmodzi voti imodzi. Izo zisasinthe.

Nachisale: Popeza ndayamba kale, ndinene zonse. Ine ndinali m'gulu la manja 8 aja, koma mtima wanga sunali pamenepo. Mayi wapampando, mundikhululukire, ndinu mayi anga ndipo ndimakulemekezani. Koma a Nangozo ndi alamu anu, dimba limene ndimalima ndi la kwanu, ndipo inuyo munayamba kukweza dzanja kenako n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi. Langa linakwera lokha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sindili ndekha, koma ena aja anene okha.

Wapampando: Mawu amenewa andilasa, Nachisale. Dimba lija sindinalitchulepo n'kamodzi komwe.

Nachisale: Simunalitchule, mayi. Ndinalikumbukira ndekha.

Aphunzitsi: Ndilankhuleko, amayi. Apa pali milandu iwiri, tisaiphatikize. Woyamba ndi wa a Nabanda, ndipo dziko lonse linadutsamo kale. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Ambirife timangokumbukira za tipeksi pa mapepala a zotsatira. Koma oweruza asanu aja a mlandu wa chisankhocho, pogamula pa 3 Febuluwale 2020, ananenanso kuti mawu oti "ochuluka" m'malamulo a dziko amatanthauza kuposa theka la mavoti onse, chija timati 50+1. Kungoposa mnzako wotsatira sikokwanira. Khoti la Supreme linavomereza mu Meyi, ndipo tinakavotanso pa 23 Juni 2020. Tsono onani zathuzi: 8 pa 21 ndi 38 pa 100, chimodzimodzi. Funso likakhala ndi mayankho atatu, awiri ofanana amadyerana mavoti, lachitatu n'kudutsa pakati. Palibe anaba kanthu Lachinayi, koma mayankho akanakhala awiri okha, a Mlembi akanalemba zina.

Mayi a Tadala: Ndiye nanga anayala mayankho atatuwo ndani?

Mlembi: Yankho lachitatu lija linachokera kwa a Nabanda eni ake.

Nabanda: Zoona, ndinalibweretsa ndine pofuna kuwapeputsira a Nangozo. Sindinadziwe kuti ndikung'amba gulu langa lomwe pakati.

Aphunzitsi: Mlandu wachiwiri ndi wa a Nachisale, ndipo kwa ine ndi waukulu kuposa woyambawo. Kukweza dzanja n'chimodzimodzi ndi zija timaziona pa zisankho zachipulula, zoima kumbuyo kwa munthu. Amene wakupatsa ganyu akuona mzere umene waimapo. Ku Kenya mu 1988 anachita chisankho choima pamizere chotere, ankachitcha mlolongo, ndipo chinadzetsa madandaulo mpaka anachisiya. Kwathu kuno mu 1993, riferendamu isanachitike, boma linkafuna mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi lina la zipani zambiri. Ofuna matipate anakana, poti munthu akanadziwika ndi bokosi limene walowera. Mapeto ake bokosi linakhala limodzi.

Gogo Nasibeko (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti zimenezo akuzikumbukira bwino, linali tsiku la 14 Juni. Akuti anawapatsa mapepala awiri, lina la tambala wakuda lina la nyali, n'kulowa okha mobisika. Akuti m'mudzi monse anthu ankavala nsalu ya chipani, khadi lili m'thumba, ndipo ukanawauza kuti akweze manja tsiku limenelo, tambala akanapambana. Koma zotsatira zitatuluka pawailesi, nyali ndiyo inapambana dziko lonse. Akuti mpaka lero agogo aamuna anamwalira osadziwa pepala limene iwo anaponya. Akuti Lachinayi lija iwo anakweza dzanja la kukhululuka ndi mtima wonse, ndipo adzavotanso chomwecho, koma akufuna adzavote okha kuseri.

Anaphiri ku Joni: Moni kumudzi. Ndangoweruka kumene ndiye ndawerenga zonse. Ine masheya ndimatumiza sabata iliyonse osaphonya, koma za voti palibe anandiuza. Tinasowa atatu, kusiyana kunali kwa dzanja limodzi. Bwanji a Mlembi angoika voti pano pa WhatsApp, aliyense adine?

Msungichuma: Asisi, voti ya pa WhatsApp imaonetsa dzina la aliyense ndi chimene wasankha. Ndi kukweza manja komweko, kuipa kwake n'kwakuti dzanjalo silitsika, mawa munthu adzatsegula n'kuonanso. Komanso pagulu pano tilipo 11 okha. Ena 13 alibe mafoni a intaneti.

Nabanda: Pali china chimene tonse tikuchilambalala. Pa manja 8 aja, limodzi linali la a Nangozo eni ake. Likachoka, ndi 7 kwa 7.

Nangozo: Ndakhala ndikuwerenga chiyambire m'mawa, misozi ili m'maso. Zoona, dzanja ndinakweza, ndinalakwa. Koma amayi, ine sindinapemphe kuti mundikhululukire. Ndinapempha nthawi. Chichokereni Lachinayi, ndikafika pamjigo anthu amasiya nkhani. Kukhululuka kwa anthu 8 pamene 13 akundiwerengera m'mtima sindikukufuna, kundilemera kuposa ngongoleyo. Votaninso, ine ndidzakhala panja. Chokhacho ndikupempha, muganizireko thumba la zadzidzidzi. Ndasonkhamo zaka zinayi, sindinatengemo kanthu ngakhale pamene mwana anali pa diripi.

Mayi a Tadala: Zoti simunatengemo sindimadziwa. A Msungichuma, zinatheka bwanji?

Msungichuma: Sanabweretse pempho, ifenso sitinawafunse. Kulakwako ndi kwa komiti yonse, ine ndemwe.

Wapampando: Alamu anga, ndamva. Nachisale, ndakwiya m'mawa wonse, koma ndaganiza kuti ukanakhala chete bwenzi ndikuyendabe ndikuyesa kuti munagwirizana nane. Tivotenso. Aphunzitsi, tichite motani?

Aphunzitsi: Ku Gambia amavota ndi mabo, timipira tagalasi tija. Aliyense opikisana amakhala ndi mgolo wake kuseri, wovota amapatsidwa bo mmodzi, akaponya belu limalira kamodzi, kuti wina asaponye kawiri. Ife titenge zitini zotseka zoboola pamwamba, tiike kuseri kwa chitenje, chitini chilichonse ndi yankho lake. Zotseka, kuti wolowa pambuyo asaone kumene kwachuluka.

Nabanda: Osagwiritsa nyemba kapena chimanga, munthu atha kubwera nazo m'mpango.

Mlembi: Ndibweretsa zitsekerero za mabotolo 23, ndizipaka kyuteksi wofiira. Owerenga ndalama athu awiri adzakhuthule zitinizo pamkeka onse tikuona. Zikapanda kukwana 23, tiyambirenso.

Aphunzitsi: Ndipo yankho lopambana likhale ndi zitsekerero 12 kupita m'mwamba. Likapanda kupezeka, titenge awiri otsogola tivotenso tsiku lomwelo. Tikatero, ngakhale titaonjezera yankho lachinayi la thumba la zadzidzidzi, palibe limene lingadutse pakati pa anzake. Kwa agogo ndi ena osawerenga, timange nsalu za mitundu yosiyana pa zitinizo, a Mlembi afotokoze katatu tisanayambe.

Mayi a Tadala: Ndavomera. Chimene chituluke m'zitinimo ndichilandira, ngakhale K12,000 ipite. Koma lamulo la 12 lija lilembedwe m'buku tisanavote, lisadzatulukire zotsatira zitadziwika.

Anaphiri ku Joni: Nanga ine chitsekerero changa aponya ndani?

Msungichuma: Malamulo athu sanenapo kanthu za wovota ali kutali.

Anaphiri ku Joni: Mayi anga atha kundiponyera. Ndiwauza pafoni.

Nachisale: Ndiye kuti mayi anu alowa kuseri ndi zitsekerero ziwiri, ndipo palibe adzadziwe ngati chanucho achiponya kumene mwawauza. Sindikuwanyoza, koma taganizani.

Anaphiri ku Joni: Ndawakhulupirira ndi ana anga awiri, chitsekerero sichingandivute. Koma ngati gulu likana, mundiuze lisanafike tsikulo.

Wapampando: Imeneyo tidzayamba nayo Lachinayi, 2 koloko, pakhonde pa agogo Nasibeko, osati kwanga. Amene muli ndi mafoni mukawauze anzathu 13 aja lero lomwe. A Mlembi, mzere wa manja 8 uja musaufufute, mungolemba pambali pake kuti nkhani ikadali pamkeka.

Nangozo: A Msungichuma, ndagulitsa mbuzi dzulo. Ndibwera ndi K50,000, muilembe voti isanayambe.