Kodi Soviet Union inkathandiza Africa ndi mtima umodzi, kapena inali ndi zake?

Mphunzitsi_Chibavi

Ndimaphunzitsa History Fomu 4 pa sukulu ina yoyendera kuno ku Mzuzu, ndipo teremu ino tili pa Cold War. Zimene mayeso amafunsa sizivuta: kutsekedwa kwa Berlin mu 1948, Warsaw Pact mu 1955, Hungary mu 1956, mizinga ya ku Cuba mu 1962. Ana amaloweza n'kukhoza. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti timaiphunzitsa ngati nkhani ya ku Ulaya, chonsecho inafika pakhomo pathu penipeni. Magulu omenyera ufulu a FRELIMO, ZAPU ya Joshua Nkomo, ANC, SWAPO, MPLA, onsewa zida ndi maphunziro ankalandira kuchokera ku Moscow. Mpaka lero pa mbendera ya Mozambique pali mfuti ya AK-47.

Koma ndikamawerenga mutu umaima. Mu 1974 Soviet Union inasainirana pangano la ubwenzi ndi Somalia ya Siad Barre, n'kupatsidwa malo pa doko la Berbera. Pofika 1977, Somalia italowa m'dera la Ogaden, Moscow yomweyo inatembenuka n'kuima ndi Mengistu wa ku Ethiopia, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Barre anathamangitsa alangizi a ku Soviet m'dziko mwake. Ukabwerera m'mbuyo, Stalin amene ankati Hitler ndi mdani wa anthu ogwira ntchito anagwirizana naye mu Ogasiti 1939, n'kugawana Poland.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi anthu amenewa ankayendera chikhulupiriro chawo cha chikomyunizimu, kapena ankangofuna madoko ndi mphamvu monga mayiko ena onse akuluakulu? Nanga akatswiri amadziwa bwanji, poti zonse zinkamangidwira kuchipinda, mu Politburo, komiti ya akuluakulu a chipani cholamula? Sindikufuna kuuza ana zimene ine ndangoganiza.

Mhango_wa_ku_Luwinga

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino koma mukulifunsa mutakhala pamtendere. Ine zaka za m'ma 1970 ndinali ku Zambia, ndinkagwira ntchito ku Kitwe, ndipo ku Lusaka ndinkapitako kawirikawiri. Ndinawaona anyamata a ZAPU ndi a ANC. Ena ankasowa kwa miyezi, pobwera akuyankhula mawu angapo a Chirasha, atavala majasi olemera a dziko lozizira. Mu Okutobala 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kufupi ndi Lusaka. Nthawi imeneyo mayiko a Azungu ankachita malonda ndi Pretoria masana dzuwa likuswa mtengo, anyamatawa n'kumawatcha zigawenga. Nyumba yako ikamapsa sufunsa amene wabwera ndi ndowa ya madzi kuti mumtima mwake muli chiyani.

Ndipo si mfuti zokha. Mu 1960 a Soviet anatsegula yunivesite ku Moscow yophunzitsa ana a ku Africa, Asia ndi Latin America, imene chaka chotsatira anaipatsa dzina la Patrice Lumumba. Madokotala ndi mainjiniya ambiri a mayiko otizungulira anaphunzira kumeneko ndi m'mizinda ina ya dzikolo, ulere.

Kwathu kuno n'kumene kunali kosiyana, ndipo ana anuwo muwauze. Kamuzu anatseka chitseko cha kum'mawa. Mu 1964 imodzi mwa nkhani zimene anakangana ndi nduna zake inali thandizo limene China inalonjeza kudzera mwa kazembe wake ku Dar es Salaam, ndipo nduna yoona za kunja inali mwana wa kuno kumpoto, Kanyama Chiume. Kamuzu anakana. Mu 1966 anamanga ubale ndi Taiwan, mu 1967 ndi South Africa. Chipatala chachikulu chimene timagonamo kuno ku Mzuzu ndi chipatso cha ubale wa Taiwan womwewo. Attati Mpakati, amene anaphunzirako ku Soviet Union, mtsogoleri wa LESOMA, chipani cha Amalawi othawira kunja chotsutsa Kamuzu, anamutumizira bomba m'kalata mu 1979 n'kumuvulaza manja, ndipo mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare. Masiku amenewo kungopezeka ndi buku la Lenin m'sutikesi pa chipata cha m'malire kunali kuika moyo pachiswe.

NyaChirwa_Histo

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lachiwiri, chifukwa ndi limene limatsegula loyambalo.

Soviet Union isanagwe, ofufuza a kunja analibe mwayi woona makalata a boma. Ankachita zimene zinkatchedwa Kremlinology. Ankatenga chithunzi cha atsogoleri ataima pamwamba pa manda a Lenin pa perete wa pa 7 Novembala n'kuyamba kuyeza: ndani waima pafupi ndi Brezhnev, ndani wakankhidwira kumapeto, ndani sakuonekanso. Ankawerenga nyuzipepala ya Pravda liwu ndi liwu kuti aone ngati dzina la wina lasiya kutchulidwa. Zina ankalasa, zambiri ankangopeka. Ndipo ambiri ankayendera maganizo a mu 1946 a George Kennan, woimira boma la America ku Moscow, akuti Moscow imangofuna kufutukuka ndipo iyenera kutchingidwa, choncho chilichonse chochitika ku Africa ankachiona ngati pulani imodzi yaikulu yojambulidwa ku Kremlin.

Soviet Union itatha mu Disembala 1991, nkhokwe zina za makalata zinatsegulidwa, ku Moscow komanso ku East Germany, Poland, Hungary ndi kwina. Zina zinadzatsekedwanso, makamaka za asilikali ndi za ukazitape. Koma zimene zinatulukazo zinasintha zinthu ziwiri.

Choyamba, pulani imodzi ija panalibe. Panali maofesi opikisana. Unduna wa za kunja, pansi pa Andrei Gromyko kuyambira 1957 mpaka 1985, maso ake anali pa America, Germany ndi zida za nyukiliya. Africa sinali pamtima pake. Amene ankasamala za magulu omenyera ufulu anali a International Department ya chipani, motsogozedwa ndi Boris Ponomarev. Asilikali anali ndi zofuna zawo, akazitape a KGB zawonso. Ndipo nthawi zambiri oyambitsa anali anzawo ang'onoang'ono. Chitsanzo chodziwika ndi Angola: mu Novembala 1975 Fidel Castro anatumiza asilikali ake kukathandiza MPLA mwa chisankho chake, Moscow inachita kutsatira pambuyo. Kale anthu ankati Cuba inangotumidwa. Wolemba mbiri Piero Gleijeses atawerenga makalata a ku Havana anaonetsa kuti sizinali choncho.

Chachiwiri ndi chimene chikuyankha funso lanu loyamba. Anthu ankayembekezera kuti kuchipinda atsogoleriwa ankavula chikomyunizimu n'kumayankhula za phindu lokha. Ayi ndithu. Ali okhaokha ankayankhula chimodzimodzi ngati pa msonkhano wa poyera: za magulu a anthu olimbana, za utsamunda umene ukufa, za mbiri imene ili kumbali yawo. Ngakhale nkhani yanu ya Ogaden, ambiri ku Moscow ankaona kuti ku Ethiopia kwachitika kusintha kwenikweni, mfumu Haile Selassie yagwetsedwa mu 1974, minda yalandidwa kwa eni malo akuluakulu. Kukula kwa Ethiopia kunawakoka, inde, komanso ankakhulupirira kuti apeza ophunzira abwino kuposa Barre. Ndiye ine sindingalekanitse ziwirizo monga mwafunsiramu. Chikhulupirirocho n'chimene chinkawauza kuti phindu lawo lili pati.

Musaiwalenso China. Awiriwa atayambana cha m'ma 1960, ankalimbirana ngakhale magulu a dziko limodzi: ku Zimbabwe, Moscow ili ndi ZAPU, Beijing ili ndi ZANU. Njanji ya TAZARA, imene amalonda athu amaiona ku Mbeya ndi ku Tunduma, inamangidwa ndi China pakati pa 1970 ndi 1975, osati Soviet Union. Ana ambiri amasokoneza pamenepa.

Makalata ambiri omasuliridwa m'Chingerezi ali pa Digital Archive ya Wilson Center, aulere, ndipo poti ndi zolemba zokhazokha sadya bandulo yambiri. Sankhani kalata imodzi ya Mengistu akukambirana ndi kazembe wa ku Soviet, musindikize, ana awerenge okha.

Mayi_a_Tiyamike

A Mhango, ndikukulemekezani monga bambo, ndipo za ufulu wa Zimbabwe ndi South Africa sinditsutsa. Koma ine ndinakulira ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire, ndisanabwere kudzagwira ntchito ya unamwino kuno. Mfuti zimene inu munaziona zikupita, ife tinaona zotsatira zake.

Kutsidya kwa msewu kunali masitolo a Apwitikizi opanda madenga, zipupa zili mabowo okhaokha a zipolopolo. Anthu ankaoloka usiku, mayi mwana kumsana, mphika pamutu, wina atamanga phazi ndi chitenje chifukwa waponda bomba lokwirira m'munda mwake momwe. Tinkagawana nawo mjigo umodzi ndi desiki imodzi. Anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno nkhondoyo isanathe mu Okutobala 1992.

Ndikudziwa kuti RENAMO inaleredwa ndi Rhodesia, kenako South Africa, ndipo nkhanza zake zinali zosaneneka. Sindikuchotsa mlandu pamenepo. Koma amayi amene tinkatunga nawo madzi ankadandaulanso za boma lawo lomwe: kusamutsidwa pa malo a makolo kukaikidwa m'midzi ya pamodzi, mafumu kuchotsedwa, masitolo opanda mchere ndi sopo. Nzeru imeneyo ya minda ikuluikulu ya boma ndi mathirakitala inachokera kwa alangizi a kum'mawa. Akasinja ndi ndege zankhondo ankatumiza, koma Mozambique itapempha kulowa m'bungwe lawo la zachuma la Comecon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaikaniza. Mu 1984 Samora Machel anakasaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha, chifukwa analibenso pogwira. Aphunzitsi, zimenezinso zilowe m'phunzirolo.

Mphunzitsi_Chibavi

Yewo nonse. Mayi a Tiyamike, za Comecon zandikhudza kwambiri, chifukwa zikuonetsa malire a thandizolo. Soviet Union inali ndi mafakitale opanga zida zochuluka, koma tirigu inkachita kugula kunja, ngakhale ku America komwe. Chimene inali nacho chochuluka ndi chimene inapereka.

A NyaChirwa, pali china chimene ndikufuna muchiyese. Ndikuona ngati mfundo za Moscow zinafika ku Malawi mwamphamvu pa nthawi imene zinkatha. Gorbachev atalowa mu 1985 anayamba kuchoka m'nkhondo za kutali. Mu Disembala 1988 kunasainidwa pangano ku New York loti asilikali a Cuba achoke ku Angola, mu 1989 a Soviet anatuluka mu Afghanistan, mu 1990 Namibia inalandira ufulu. Kamuzu, amene Azungu ankamusunga monga linga lotchinga chikomyunizimu, anasanduka wopanda ntchito kwa iwo, ndipo mu Meyi 1992 ku Paris mayiko opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo zambiri. Kodi ndingawauze ana kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inayambira ku Moscow?

NyaChirwa_Histo

Musafike pamenepo, aphunzitsi. Kutha kwa Soviet Union kunachotsa chifukwa chimene Azungu ankatsekera maso, zimenezo n'zoona ndipo muziphunzitse. Koma ku Paris anakhala pansi zinthu zitayamba kale kuno. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndipo Monsignor John Roche, amene ankatsogolera dayosizi yathu ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko chifukwa cha kalatayo. Chakufwa Chihana anamangidwa pa 6 Epulo atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, apolisi n'kuwombera anthu m'misewu. Ku Togo Eyadéma anakhalabe pampando, ku Cameroon Paul Biya alipobe, chonsecho Cold War inatha tsiku limodzi kwa onse. Lembani masiku a kunowa pa bolodi mbali imodzi, a ku Moscow ndi New York mbali inayo, ana aone okha chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.