Thandizeni, phiri la Mulanje likutuluka mbuu pa zithunzi

Abale anzanga ojambula ndikupempha nzeru. Loweruka ndinakwera ku Zomba Plateau mpaka pa Emperor's View cha m'ma 11 koloko kuti ndijambule phiri la Mulanje, kamera yanga ndi Nikon D3400 lens ya 70-300mm, ndinayika pa tripod komanso timer kuti isagwedezeke. Nditafika kunyumba kutsegula pa laptop mtima unawawa, mitengo yapafupi yatuluka bwinobwino koma phiri lonse mbuu ngati mwana wosewera paphulusa, ndipo mzere wake wapamwamba wakhotakhota ngati likusungunuka. UV filter ndinachita kugula dala koma palibe chasintha. Dehaze (yochotsera mbuu) ya mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom ndikaikoka kufika 60 kumwamba kukudzaza timadontho. Chithunzichi ndikufuna ndiwapatse bambo anga, anakulira ku Phalombe m'tsinde mwa phiri lomweli koma pano miyendo ikuwakaniza kuyenda. Ndigule lens ina kapena ndikulakwitsa penapake?

Yankho loyamba:
Lens ilibe mlandu achimwene, musataye ndalama. Ino ndi October, anthu akutentha tchire posaka mbewa ena akuotcha zinyalala pososa m'minda, ndiye utsi ndi fumbi zangodzaza mumpweya ndipo kuchokera pomwe munaima kukafika pa Sapitwa, nsonga ya phirilo, ndi makilomita oposa 60, zonsezo zili pakati panu ndi phiri. Kukhotakhotako ndi mpweya wotentha womwe ukukwera kuchokera m'chigwa, monga umaonekera msewu wa tala masana dzuwa likaswa mtengo, ndipo 300mm imangokukulitsa. Zimenezo palibe software ingakonze. Dikirani mvula yoyamba igwe yamphamvu itsuke kumwamba, mawa lake 6 koloko ikupezeni muli pamalopo nthaka isanatenthe.

Yankho lachiwiri:
Zoona zimenezo. UV filter ija chotsani, sensor ya digital imatchinga kale UV. Pezani CPL (circular polarizer, filter yozungulira yochepetsa kunyezimira ndi mbuu), koma dziwani imagwira bwino dzuwa likakhala chambali osati kutsogolo kapena kumbuyo kwanu. Pa Emperor's View mukayang'ana ku Mulanje, chakumadzulo dzuwa limakhala kudzanja lamanja, muziizungulira pang'onopang'ono mukusuzumira mpaka phiri lidere. Imadya kuwala pafupifupi ma stop awiri (kumangotsala gawo limodzi mwa magawo anayi) ndiye tripod musaisiye, lens hood musaiwalenso.

Yankho lachitatu:
Munajambula RAW (fayilo yosunga zonse zomwe sensor yagwira) kapena JPEG? Ngati ndi RAW pangani mask pa phiri pokha, Dehaze pang'ono chabe, kenako mutenthetse white balance chifukwa Dehaze imasiya blue wambiri.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri akuluakulu, inali JPEG, ndasintha kale ku RAW. Mvula ndidikira ndithu. Koma mwandisiya panjira ziwiri, wina akuti 6 koloko m'mawa wina akuti madzulo ndi CPL, ndiye tsiku lotsatira mvulalo ndikakhale pamwamba tsiku lonse kapena nthawi yabwino kwenikweni ndi iti kwa amene munajambulapo pamenepo?