Kuchoka pa OR Tambo kukafika ku Mayfair, ndiyende bwanji?

Mayi a ku Chitakale:

Abale, ndine mayi wa kuno ku Mulanje, ndimakhala chakuseri kwa msika wa Chitakale. Mwana wanga wamkazi yemwe anakwatiwa ku Joni wachira mwezi wathawu, ndipo akamwini anga andigulira tikiti ya ndege kuti ndikaone mdzukulu wanga ndi kukamuthandiza mwanayo ntchito za pakhomo, chifukwa anamuchita opaleshoni. Ndikwerera pa Chileka, ndikatsikira pa OR Tambo masana.

Chandivuta n'choti akamwini amagwira ntchito m'shopu ina ku Fordsburg ndipo tsiku limenelo sangachoke msanga. Akuti ndikwere sitima yotchedwa Gautrain ndikatsike pa Park Station, iwo akandipeza kumeneko n'kunditengera ku Mayfair kumene amakhala. Ine Joni sindinapondeko, ndipo anthu kuno akundiopseza kwambiri za Park Station. Sitimayo ndikaipeza pati? Amalipira bwanji? Ndili ndi chikwama chimodzi chachikulu ndi kachikwama ka m'manja. Ndimafunanso kumutengera mwana wanga tiyi wa kwathu kuno, mtedza, usipa ndi zinanazi ziwiri zitatu, chifukwa akuti wazisowa. Amene mwayendako mundithandize, mtima wanga suli m'malo.

Mnyamata wa ku Luchenza:

Mayi, musade nkhawa kwambiri. Ine ndimakhala kuno ku Joni, ndipo sitima imeneyo ndimaidziwa bwino. Bwalo la ndegelo lili ku Kempton Park, makilomita opitirira 20 kum'mawa kwa tauni. Mukatsika ndege ya kwathu mudzatulukira mbali ya Terminal A, kumene kumafikira ndege zochokera kunja. Mukatenga chikwama chanu n'kudutsa a kasitomu, musatuluke panja ayi. Siteshoni ya Gautrain ili m'kati mwa chinyumba chomwecho, chakumwamba. Muzingotsatira zikwangwani zolembedwa Gautrain, ndipo pali malifiti oti mukwere ndi tirole yanu ya katundu osavutika ndi masitepe.

Pa siteshonipo pali kauntala. Muwauze kuti mukupita ku Park, akupatsani khadi yomwe amaikamo ndalama. Khadi imeneyo mumaigunditsa pa geti polowa, komanso potuluka kumene mukupitako, ndiye musaitaye m'njira. Makhadi ena a kubanki amagwira ntchito pa getipo, koma ndi makhadi a kwathu sindingakulimbikitseni, muli bwino mugule yawoyo. Konzekerani ndalama yoposa 200 rand, chifukwa sitima ya ku bwalo la ndege ndi yodula kusiyana ndi zinazo.

Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: sitima yochoka pa bwalo la ndege safika ku Park. Imathera pa Sandton, ulendo wa mphindi 15 zokha. Idzaima pa Rhodesfield ndi pa Marlboro, inu khalani phee mpaka pa Sandton pamene aliyense amatsika. Pamenepo mukwere ina yolembedwa Park. Mukaona yolembedwa Hatfield musakwere, imeneyo ikupita ku Pretoria. Kuchoka pa Sandton imaima pa Rosebank, kenako Park, ndipo Park ndiye pothera pake, simungapitirire. Gawo limenelo sitima imayenda pansi pa nthaka, musadabwe mukaona mdima pa windo. Ndi sitima yaukhondo, ili ndi alonda, ndipo inayamba kuyenda mu 2010 pa nthawi ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse. Salola kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu m'menemo, ndiye mtedza wanuwo ukhale m'chikwama. Cha m'ma 9 koloko usiku imasiya kuyenda, koma inu poti mufika masana zimenezo sizikukhudzani, pokhapokha ndege itachedwa kwambiri.

Mayi wa geni wa pa Bvumbwe:

Achimwene a ku Luchenza afotokoza bwino za sitima, palibe chimene ndingachotsepo. Koma ine ndikusiyana nawo pa nkhani yoti mayiwa akatsike okha pa Park. Ine ndimapita ku Joni kukaoda katundu, nthawi zambiri pa basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo mabasi ambiri amatisiya pa Park pomwepo. Malo amenewo ndimawadziwa. M'kati mwa siteshoni ya Gautrain muli bata, koma mukangotuluka kunja kwake mwalowa m'chipwirikiti ngati pa depoti ya Limbe kumapeto kwa mwezi, kungoti anthu ake ndi ochuluka kangapo. Anyamata amathamangira chikwama chanu akuti akuthandizeni, ena amakulankhulani Chichewa chenicheni kuti muwakhulupirire. Munthu wachilendo amaoneka patali, makamaka mayi wachikulire amene akuyang'ana uku ndi uku foni ili m'manja.

Ndiye mayi, ngati mwasankha sitima, pangano ndi akamwini likhale lomveka: mukatsika pa Park musakwere kupita kumsewu. Muime m'kati pafupi ndi mageti a Gautrain pamene pali alonda ovala mayunifomu, akamwini alowe okha adzakutengeni pomwepo. Asakuuzeni kuti tulukani tikumane pa msewu wakuti. Ngati iwo angachedwe kuweruka, kuli bwino mudikirire pa bwalo la ndege pomwepo, pali mipando, zimbudzi ndi malo odyera, mukwere sitima akakuuzani kuti anyamuka.

Ine ndikanakhala mwana wanu ndikanakuitanitsirani Uber kapena Bolt kuchokera pa bwalo la ndege mpaka pakhomo. Akamwini atha kuitanitsa pa foni yawo ali ku Fordsburg, n'kukutumizirani nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala. Kusiyana kwa mtengo ndi sitima sikukhala kwakukulu kwenikweni mukawerengera kuti pa Park mufunikabe galimoto ina yokafika ku Mayfair. Koma muone nambala ya galimotoyo ndi maso anu musanalowe. Amene angakupezeni pakhomo potulukira n'kumati "taxi mama, taxi", musamuyankhe n'komwe. Galimoto za Uber zili ndi malo ake odikirira, mukafunse pa kauntala ya zofunsa kapena wantchito wa pabwalopo amene wavala chiphaso pachifuwa.

Chinanso, nkhani za achifwamba otsatira anthu kuchokera pa OR Tambo mpaka kunyumba si mphekesera, zakhala zikulembedwa m'manyuzi a kumeneko. Amayang'ana amene wasintha ndalama zambiri poyera. Ma rand ochepa oyendera muwapeze kuno musananyamuke, ngakhale tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki athu. Makwacha athu musawadalire kuti mukasintha kumeneko.

Za zinanazi, pepani mayi, zisiyeni. Zipatso zaziwisi ndi zinthu za nyama zimafuna chilolezo, ndipo pamalo otengera zikwama pamakhala agalu onunkhiza a unduna wa zaulimi. Zikapezeka amalanda. Tiyi wa m'paketi wosatsegula savuta. Usipa ndi mtedza musabise, mukadutse mbali yofiira ya a kasitomu, kumene amaonetsa katundu, muwaonetse, anene okha ngati zikuloledwa. Ndipo usipawo muukulunge m'mapepala apulasitiki angapo, fungo lake likalowa m'zovala za mwana silichoka msanga.

Aphunzitsi opuma a ku Thyolo:

Mayi, anzangawa akamba za kutsidya kwa geti, ine ndikumbutseko za musanafike pa getipo. Pasipoti ya Malawi imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 basi. Akakudindirani muone tsiku limene alembalo, chifukwa kuona mdzukulu kumakoma ndipo masiku amatha osadziwa. Mukapitiriza masiku amakuletsani kulowanso dzikolo kwa nthawi, ndipo kwa munthu amene ali ndi mwana kumeneko chimenecho ndi chilango chowawa. A zolowa ndi zotuluka akhoza kukufunsani tikiti yobwerera komanso kumene mukukafikira. Mulembe papepala adiresi yonse ya ku Mayfair ndi manambala a foni a mwana wanu ndi akamwini, pepalalo mulisunge pamodzi ndi pasipoti. Foni imatha moto, pepala silitha moto.

Laini yanu ya kuno mwina sikagwira kumeneko. Pabwalopo pali WiFi yaulere, ndiye WhatsApp igwira mukadali m'kati. Mufunse mwana wina kunyumba akuphunzitseni kulumikiza WiFi musananyamuke. Mashopu a Vodacom ndi MTN aliponso mukangotuluka kwa a kasitomu, amagulitsa laini koma amafuna pasipoti kuti ailembetse.

Kuno kwathu, munyamuke m'mamawa kwambiri kapena mukagone kwa achibale ku Blantyre. Kaya mudzere msewu wa Midima kaya wa Thyolo, minibasi imaima paliponse kudikira anthu, ndipo mukafika ku Limbe mukadali ndi ulendo wodutsa m'tauni mpaka ku Chileka. Ulendo wa kunja amafuna mufike pabwalo kudakali maola awiri kapena atatu.

Mayi a ku Chitakale:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawawerengera akamwini pa foni zonse mwalembazi. Agwirizana ndi mayi a pa Bvumbwe, akuti andiitanitsira galimoto mpaka pakhomo, ndipo mkazi wa neba wawo, wa kwathu ku Phalombe, akhala pa geti kundilandira. Za sitima ndazikopera m'kope kuti ndikhale nazo galimoto ikakanika. Ndikagona ku Chirimba kwa mchemwali wanga kuti Chileka ikhale pafupi. Achimwene a ku Luchenza, funso limodzi lokha: tirole ya katunduyo ndi yolipira?

Mnyamata wa ku Luchenza:

Ndi yaulere mayi, mudzazipeza zitandandalikidwa pafupi ndi pamene zikwama zimatulukira, ingotengani imodzi. Wina akafuna kukukankhirani amayembekezera kangachepe, ndiye ngati mukutha nokha mungomuuza kuti ayi zikomo. Akamwini awauze adikire kaye uthenga wanu woti mwatenga chikwama ndipo mwadutsa a kasitomu asanaitanitse galimoto, chifukwa mzere wa mapasipoti nthawi zina umatalika ndipo madalaivala sadikira nthawi yaitali.