Dziko loyendera mafuta ogula kunja liyambire pati?

Nachisale: Abale, ndiunikireni. Amati tisiye petulo, dizilo ndi malasha chifukwa utsi wake ukutenthetsa dziko lapansi. Sindikutsutsa ayi. Koma dziko limene malole, mafakitale ndi magetsi ake zonse zimadikira mafuta oitanitsa kunja, liyambire pati? Choopsa kwambiri n'chiti, kusintha kwa nyengo kapena kudalira eni mafuta?

Injiniya Wopuma: Mayi, chimene chimaluma msanga ndi kudalira ena. Mu 1973 maiko a Aluya atasiya kugulitsa mafuta ku America ndi maiko ena, mtengo unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Chaka chotsatira kunabadwa bungwe la maiko loona za mafuta ndi magetsi la International Energy Agency, ndipo maiko ake ogula mafuta kunja amayenera kusunga okwanira masiku 90. Koma Germany inagonanso tulo. Mu 2021 gasi woposa theka amene inkaitanitsa ankachokera ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, anayatsanso malo ena opangira magetsi ndi malasha. Zinthu zikathina, nkhani ya nyengo ndiyo imayamba kuponyedwa kumbali, ndipo ine zimenezo zimandiwawa.

Kadzidzi: Ndiwonjezereko, bambo. Kukhala ndi mafuta pansi panthaka sikupulumutsa. Nigeria yakhala zaka zambiri ikugulitsa mafuta osayenga n'kumagulanso petulo kunja. Nayo Sri Lanka, ndalama zakunja zitatha mu 2022, anthu ankagona pamizere yodikira mafuta masiku angapo.

Nachisale: Nanga sola? Mapanelo ambiri amapangidwa ku China. Si kungosintha bwana kumeneko?

Injiniya Wopuma: Mwafunsa bwino, koma pali kusiyana. Panelo mumagula kamodzi, n'kukugwirirani ntchito zaka 25 kapena kuposerapo. Dizilo mumagula lero, mawa wapsa, mkuja mukusakanso madola. Wina akatseka njira ya panyanja ya Hormuz, kufupi ndi Iran, kumene kumadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta a dziko lonse, panelo ili padenga silabadira. Uruguay ilibe zitsime za mafuta, koma magetsi ake oposa 90 peresenti amachokera ku madzi, mphepo, dzuwa ndi zinyalala za mitengo ndi mbewu. Chenjezo langa n'loti musatsamire madzi okha: chilala cha 2024 chinachepetsa kwambiri madzi m'nyanja ya Kariba, kumene Zambia imapangira magetsi, dzikolo n'kukhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse. Ndipo malole akuluakulu akadali pa dizilo. Pamenepo ndiye pali mutu waukulu, mayi.