Vidiyo yoti woonera asankhe yekha njira, ndiyambire pati?

WapaPhiri: Ndimaperekeza alendo pa phiri la Zomba. Tikanyamuka pa hotela ya Ku Chawe ndimawafunsa kuti tiyambire ku Williams Falls kapena tikwere ku Chingwe's Hole, ndipo ulendo umayenda malinga ndi yankho lawo. Ndikufuna vidiyo yochita zomwezi: woonera akafika pamphambano adine, apite kumene mtima wafuna.

Chikundiwawa kwambiri ndi dzenje la Chingwe lija. Ena amati mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo odwala khate. Mlendo amaima m'mphepete, mphepo ikuwomba, nthawi yatha, ine n'kusimba mbali imodzi yokha. Ndimatsika phiri mtima uli m'mwamba. Ndili ndi foni basi. Zingatheke?

Matawale_Edit: Zitheka achimwene. Pa YouTube jambulani tizidutswa ta vidiyo, kenako kumapeto kwa kalikonse ikani end screen (timabokosi todina tooneka vidiyo ikamatha) yolozera ku tina. Imalola zinthu mpaka zinayi, koma kachidutswako kasachepere masekondi 25. Kale tinkagwiritsa ntchito ma annotation (mawu odina ooneka pa vidiyo), anawachotsa mu 2019.

Koma yambani ndi pepala! Mphambano zitatu za njira ziwiriziwiri zikutanthauza tizidutswa 15 ndi mathero 8. Ine ndinangolowa chamutu, n'kuthera pakati. Bwezerani njira zina pamalo amodzi, mwina pa damu la Mulunguzi.

MwanaWaChanco: Maganizo anu ali ndi mbiri. Mu 1978 a ku yunivesite ya MIT anajambula misewu ya tauni ya Aspen ku America ndi makamera pagalimoto, woonera n'kumasankha kokhotera. Nkhawa yanga ndi bandulo. Kudina kulikonse ndi data. Tizidutswa tikhale tatifupi, tina muziika manambala n'kutumiza pa WhatsApp.

MayiWakuChinamwali: Mwanawe, izi agogo athu ankazidziwa. Akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," ndipo tikafunsa za kalulu nthano inkakhota pomwepo. Pempho langa ndi limodzi: za dzenjelo usasimbe wekha. Pita kumidzi ya m'munsi mwa phiri, upemphe akuluakulu alankhule ndi pakamwa pawo, woonera asankhe amene akufuna kumumva. Ndipo za odwala khatewo uzigwire mwaulemu, anali anthu a eni.

WapaPhiri: Zikomo amayi, ndamva. Loweruka ndilibe alendo, ndikayamba ndi kwa amfumu kukapempha chilolezo. Achimwene a ku Matawale, pepala ndajambula kale, ndatsitsa tizidutswa kufika 9. Mungandionereko?